Shopu ya mabuku a kaunjika pa Nchalo: mtsikana akupezamo nthano zotani?

Mukatsika minibasi pa Nchalo n'kulowera cha kumsika, pali kashopu ka malata kamene ambiri amakadziwa kuti n'kogulitsa makope, zolembera ndi mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo. Kuseri kwa kauntala kuli mashelefu atatu ndi makatoni angapo a mabuku a nthano a kaunjika, ena ogulitsa, ena obwereketsa. Kuchigwa kuno, kuchokera pa Thabwa mpaka ku Marka, malo oti munthu n'kupeza buku longowerenga posangalala ndi owerengeka, ndiye shopuyi ikugwira ntchito yaikulu. Ife timaphunzitsa ana kuwerenga ndi kuthandiza timagulu ta atsikana towerengera limodzi, choncho taiunika ndi funso limodzi: mwana wamkazi, mtsikana wa kusekondale kapena mayi wapabanja akalowa muno, akutuluka ndi nthano yomuuza chiyani za moyo wake?

Pitaniko ndithu, muli mabuku abwino kuposa mmene mungaganizire. Koma musalole kuti shelefu kapena chikuto chikusankhireni. Mabuku amene angamuthandize kwambiri mtsikana ali pansi, m'katoni ya mabuku a sukulu, pomwe amene amamuphunzitsa kuti nsanje ndiye chikondi ali poonekera.

Shopuyi imatsekulidwa cha m'ma 7 m'mawa n'kutsekedwa cha m'ma 5 madzulo, Lolemba mpaka Loweruka. Fikani m'mawa. Kuyambira Okutobala mpaka mvula itagwa, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40, m'malata amenewa simungaimemo mphindi khumi masana, chonsecho kusankha buku bwino kumafuna mphindi khumi zomwezo. Katundu watsopano amachokera ku Limbe ndi ku Blantyre kumapeto kwa mwezi, ogwira ntchito kumunda wa nzimbe akalandira, ndipo mabuku abwino amatha sabata yoyamba yomweyo.

Pobwereka mumasiya chikole chofanana ndi mtengo wa bukulo, n'kulipira kandalama kobwerekera, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mtengowo. Mumapatsidwa masiku 7. Mukabweza buku lili bwino, chikolecho mumatenga kapena mumachisiya kuti chigwirire buku lotsatira. Palinso kusinthanitsa: mukabweretsa anu awiri mumatenga limodzi. Dongosololi ndi labwino kwa munthu amene ali ndi ndalama yakeyake ndi nthawi yakeyake. Nanga mtsikana wa Fomu 2? Akaweruka akatunge madzi kumjigo, akatole nkhuni, aphike, atsuke mbale, ndipo kukada nyali ya sola imapita kwa mchimwene wake kapena kwa amene akulemba mayeso chaka chimenecho. Kuti buku la masamba 300 la Chingerezi lithe m'masiku 7, payenera kuwerengedwa masamba oposa 40 patsiku. Ambiri amabweza asanamalize, ena amalipira chindapusa. Wochokera kutsidya kwa Shire, ndalama ya bwato ndi kabaza imaposa yobwerekerayo. Masiku 14 ndi amene akanakhala oyenera, ndipo eni shopu amamva mukapempha pobwereka pomwepo, osati tsiku litadutsa kale. Chikole nacho chikakula, pamapezeka abambo ena odzipereka kumulipirira mtsikana, ndipo tonse tikudziwa kumene thandizo lotere limathera. Njira yake ndi yakuti atsikana 5 kapena 6 asonkhe chikole chimodzi, mphunzitsi wamkazi kapena mmodzi wa amayi a mother group akalembetse dzina lake, buku lizizungulira.

Chimene sitikugwirizana nacho konse ndi kaundula. Ndi kope lachikuto cholimba limene limakhala lotsekula pakauntala, ndipo mumalembedwa dzina, mudzi, nambala ya foni ndi mutu wa buku. Aliyense wodzagula cholembera angathe kuona kuti mwana wa uje wabwereka buku lachikondi, n'kukopera nambala yake. Mayi amene wabwereka buku lonena za kutha kwa banja nayenso safuna kuti alamu ake adziwe. Kopelo lizikhala m'dirowa, ndipo wosakwana zaka 18 azilembetsa nambala ya kholo. Pakadali pano muuzeni mwana wanu asasiye nambala yake.

Musanafike pa nkhani ya m'katimo, onani bukulo ngati lili lamoyo. Ambiri mwa mabukuwa masamba ake sanasokedwe, anangomatidwa ndi guluu kumsana, ndipo kutentha kwa kuno kumaumitsa guluuyo. Litsekuleni pakati pang'onopang'ono: mukamva likuthetheka kapena mukaona mzere wa guluu wong'aluka, masamba ayamba kuthothoka musanafike theka. Yang'anani tsamba lomaliza ngati nkhani yatheradi pomwepo, chifukwa omaliza ndi amene amayamba kutayika, kenako tsatirani manambala a masamba m'malo atatu. Masamba okwinyika ndi madontho akuda kapena obiriwira ndi chizindikiro choti linanyowapo ndipo lachita nkhungu. Limenelo lisiyeni ngakhale atakutsitsirani mtengo, chifukwa nkhungu imafalikira ku mabuku ena ndipo imavutitsa mwana wa mphumu. Makatoni a pansi ali pasimenti penipeni, ndiye buku lochokera mmenemo ligwedezeni. Timabowo ndi dothi louma m'mphepete ndi ntchito ya chiswe, msana wodyeka ndi mphemvu. Chilema chilichonse aonetseni eni shopu pobwereka. Amachilemba m'kaundula muja, ndipo pobweza sipakhala mkangano wa chikole.

Mukanena kuti mukufuna buku la mwana, funso loyamba limakhala lakuti, "Mayi, ndi wamwamuna kapena wamkazi?" Mukati wamwamuna, dzanja limapita ku nthano za maulendo, za ofufuza milandu, za nyama zakutchire ndi za ndege. Mukati wamkazi, limapita ku zikuto zapinki za ana a mafumu ovala madiresi aatali. Wogulitsayo sakulinga zoipa, akungotsata mmene ofalitsa a kunja anawapentera mabukuwo. Koma zotsatira zake n'zakuti mtsikana sakumana ndi nkhani za kulimba mtima, ndipo mnyamata amakula asanawerengepo buku limene mwininkhani wake ndi mkazi. Mbali yachiwiriyi anthu amaiiwala, chonsecho mnyamata ameneyu ndi amene adzakhale mwamuna wa munthu, mphunzitsi kapena mfumu yoweruza milandu ya mabanja. Funsolo liyankheni ndi msinkhu ndi kalasi: "Ali ndi zaka 9, ali Sitandade 4, amakonda zoseketsa."

Wogula chimanga wanzeru sakhulupirira chapamwamba pa thumba, amapisa dzanja mpaka pansi. Buku nalonso litsekuleni malo atatu. Pa masamba 5 oyamba, onani mmene mkazi woyamba kutchulidwa akufotokozedwera. Ngati wolemba wamuyamba ndi chiuno, khungu ndi tsitsi, pomwe mwamuna wamuyamba ndi ntchito yake ndi zimene akuganiza, mwadziwa kale kumene maso a wolembayo ali. Pakati, pezani pamene zinthu zavuta muone amene akuganiza chochita. Pa masamba 5 omaliza, onani amene wapatsidwa mphoto, amene walangidwa, ndi chifukwa chake.

Omenyera ufulu wa amayi ali ndi muyeso wina wodziwika ndi dzina la Alison Bechdel, wojambula makatuni wa ku America amene anaufalitsa mu 1985: kodi m'nkhanimo muli akazi awiri amene akulankhulana za chinthu china osati za mwamuna? Unayambira pa mafilimu koma umagwiranso pa mabuku, ndipo ambiri a m'shopu muno amaulephera. Komabe kuno sukwanira. Nthano ingakhale ndi amayi awiri akukambirana za mtengo wa thonje, koma ndalama ya thonjelo n'kukalandira bambo, wolemba osaonapo vuto. Maganizo ena ochokera kunja ndi akuti mkazi womasuka ndi amene wachoka pakhomo n'kukakhala yekha mumzinda. Nawonso amatsimphina akafika kuchigwa kuno. Kwa Amang'anja mkazi amakhala pamudzi pawo ndi pamunda wa mayi ake, mwamuna ndiye amadzakhala chikamwini, komabe nkhani zikuluzikulu za ana ndi za malo amagamula ndi amalume. Kwa Asena, kumene amapereka lobola, mkazi amapita kwa mwamuna ndipo ana ndi a kuchimuna. Atsikana awiri a kalasi imodzi ku Ngabu angawerenge buku limodzi n'kumva zosiyana. Funso limene limawagwira onse awiri ndi ili: pa thupi lake, pa ndalama yake, pa sukulu yake ndi pa ukwati wake, amagamula ndani, nanga wolemba akuona kuti zili bwino choncho kapena ayi? Gawo lomalizali musalidumphe. Buku loonetsa mkazi akuzunzidwa si lolakwika. Lolakwika ndi limene likuti kuzunzidwako kunali koyenera kapena kokoma.

Pa shelefu ya ana pafupifupi onse ndi a Chingerezi. A Chichewa ndi ochepa kwambiri, a Chisena palibiretu, chonsecho ana ambiri a ku Nsanje chiyankhulo chawo choyamba ndi Chisena. Timabuku ta Ladybird ta nthano zakale za ku Ulaya, monga Cinderella ndi Snow White, ndi tambiri, zikuto zake n'zolimba, ndipo mwana wa Sitandade 4 kapena 5 amaphunziramo mawu. Koma taonani chimango chake. Mtsikana wabwino ndi wokongola, wofatsa, wosayankha. Mdani wake ndi mkazi mnzake, makamaka mayi womupeza. Bambo ake, kaya alipo kaya kulibe, palibe amene amawafunsa kanthu. Mavuto amatha pokwatiwa ndi mwana wa mfumu amene sakumudziwa n'komwe bwinobwino. Kuno ana amasiye ambiri akuleredwa ndi mayi owapeza, azakhali ndi agogo, ndiye nthano yoti mayi wokupeza ndi mfiti si yongosewera nayo. Ndipo nthano yotamanda kuyera kwa khungu ikufika m'manja mwa mwana amene pamsika womwewu akuona mafuta oyeretsa khungu akugulidwa.

Sitikunena kuti muwatenthe. Werengani naye, n'kuima pakati kumufunsa: "Nanga bambo ake anali kuti pamene mwanayu ankagona paphulusa?" kapena "Ukanakhala iwe ukanatani?" Mafunso awiri pa buku akwanira. Mukachulutsa mwana amaona ngati mayeso, amayamba kudana ndi kuwerenga. Nthano za agogo nazo zimafuna mafunso omwewa. Ija ya mtsikana wokana amuna onse a m'mudzi, amene pamapeto pake akwatiwa ndi fisi wodzisandutsa munthu n'kupulumutsidwa ndi mlongo wake wamng'ono, ili ndi chenjezo labwino pa mlendo wa chuma chosadziwika kochokera, komanso imaphunzitsa kuti mtsikana wonena kuti ayi ayenera kuona zakuda. Ya Kamdothi imayamba ndi mayi wosabereka amene chisoni chamufikitsa poumba mwana wadothi, ndipo mwana wa zaka 10 angathe kuyankha mukamufunsa chimene chinkamuwawa mayiyo.

Kwa a zaka 9 mpaka 12, ochuluka ndi a Famous Five a Enid Blyton, amene alipo 21 ndipo anatuluka kuyambira 1942 mpaka 1963. Ana amawakonda chifukwa nkhani imathamanga. Muli atsikana awiri. Georgina amafuna azitchedwa George, amameta tsitsi, amakwiya akatengedwa ngati mtsikana, ndipo ndiye wolimba mtima. Anne amakonda kuyala pogona ndi kukonza chakudya anzake akamaganiza zokafufuza. Mwana amatolapo zoti kulimba mtima n'kwa anyamata, mtsikana akakufuna ayambe wakana utsikana wake. Amenewa ndi obwereka, osati ogula. Logula ndi Matilda la Roald Dahl la 1988: kamtsikana kamene makolo ake sakalabadira, kamadziphunzitsa kuwerenga, kamapita kokha kulaibulale, ndipo kamapeza mthandizi mwa mphunzitsi wamkazi. Mulibe mwana wa mfumu wodzakapulumutsa. Chilema chake n'chakuti mphunzitsi wamkulu wankhanza wa pasukulu yake wajambulidwa ngati mkazi wa thupi lalikulu ndi wamphamvu ngati mwamuna, ngati kuti mphamvu mwa mkazi zimayendera limodzi ndi kuipa mtima. Mwana mumuuze kuti choipa mwa mayiyo ndi zochita zake, osati thupi lake.

Shelefu yapakati, ya achinyamata, ndi imene ikutidetsa nkhawa kwambiri. Owerenga ake ali pa msinkhu umene zidyamakanda zimawasaka, ndipo makolo ambiri saiyang'ana, amangoti poti mwana akuwerenga Chingerezi ndiye kuti zili bwino. Obwerekedwa kwambiri, mpaka zikuto zinatha, ndi a Twilight a Stephenie Meyer, amene loyamba lake linatuluka mu 2005. Bella ali ndi zaka 17. Chibwenzi chake Edward, amene ndi mzukwa woyamwa magazi, amaoneka wa msinkhu womwewo koma wakhala zaka zoposa 100. Amalowa m'chipinda cha mtsikanayo usiku n'kumamuyang'ana ali mtulo iye asakudziwa, amamutsatira mobisa akapita kutauni, ndipo m'buku lachitatu amachotsa chitsulo m'galimoto yake kuti asapite kukaona mnzake wamwamuna. Zonsezi bukulo limazipereka ngati umboni wa chikondi chozama. Chotsanimo zamizimuzo, mutsala ndi mwamuna wamkulu, wachuma, amene akulondalonda mtsikana wa sukulu ndi kumusankhira anzake. Aliyense amene amagwira ntchito yothana ndi nkhanza za m'banja amazidziwa zizindikiro zimenezi. Kumuletsa mtsikana kuliwerenga sikuthandiza, akaliwerengera kwa mnzake. Mufunseni kuti, "Chibwenzi cha mnzako chitamachita zimenezi, ungamulangize chiyani?" Atsikana amaona bwino akamaganizira mnzawo kusiyana ndi akamadziganizira eni.

A Sweet Valley High, amene anayamba kutuluka mu 1983, ndi opyapyala ndipo Chingerezi chake n'chosavuta, ndiye amathandiza wa Fomu 1 kuzolowera kumaliza buku. Pafupifupi lililonse limayamba ndi kutamanda kuchepa thupi, tsitsi ndi maso a atsikana amapasa a m'nkhanimo. Kupitirira apo mulibe chotola.

The Hunger Games la Suzanne Collins la 2008 eni shopu analiika mbali ya anyamata, mwina chifukwa chikuto chake n'chakuda. Litengereni mtsikana. Katniss ali ndi zaka 16, bambo ake anafera mumgodi, amasaka nyama ndi uta kuti adyetse mayi ake ndi mng'ono wake, ndipo amadzipereka kupita ku mpikisano wa imfa m'malo mwa mng'ono wakeyo wa zaka 12. Mtsikana wa kuno amene anasenzapo banja madzi atasefukira mu 2015, kapena nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023, amuzindikira msanga. Muli kuphana kwa ana, choncho n'loyenera wa zaka 14 kupita m'tsogolo.

Nthawi zina mumapezeka a Pacesetters, timabuku ta olemba a mu Africa timene Macmillan inayamba kutulutsa mu 1977. Mapepala ake anafiira, koma ndi tatifupi, tingathe m'masiku 7 aja, ndipo misewu, mayina ndi mavuto ake ndi apafupi ndi athu. Mwa olemba ake muli Mmalawi, Walije Gondwe, amene buku lake Love's Dilemma linatuluka mu 1985. Mtsikana akadziwa kuti mayi wa dziko lake analemba buku lotere, waphunzira kale kanthu asanalitsekule. Koma pa nthano za achinyamata za kuno ku Africa musaiwale masamba 5 omaliza aja. Zambiri, ngakhalenso zina za Chichewa zolembedwa pofuna kulangiza, zimathera pamodzi: mtsikana watenga mimba, wasiya sukulu, wadwala kapena wamwalira, mnyamata uja wapitiriza maphunziro. Wolemba amafuna kuopseza amene sanalakwitse, koma mtsikana amene ali kale ndi mwana kumsana amamva kuti zake zatha. Si zoona. Kuyambira 1993 dziko lino lili ndi ndondomeko yolola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka. Lamulo la maukwati la 2015 ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017 zinaika zaka 18 kukhala msinkhu wochepetsetsa wolowera m'banja, ndipo mwana wokakamizidwa ukwati angaimbe 116 mwaulere. Kagulu kowerenga kakakumana ndi mathero otere, aliyense alembe tsamba limodzi la mathero ena: mtsikanayo akubwerera Fomu 3, mwana akutsala ndi ndani, yunifolomu ndi makope zikuchokera kuti, mnyamata uja akuthandiza motani.

Theka la shelefu ya akuluakulu ndi mabuku achikondi a Mills & Boon, kampani ya ku London imene inayamba mu 1908. Anthu ophunzira amakonda kuwanyoza, ife sitili nawo. Mu 1984 Janice Radway wa ku America anafalitsa kafukufuku wa amayi owerenga mabuku achikondi, ndipo anapeza kuti kwa amayiwo kutsekula buku inali njira yodzipatulira nthawi yawoyawo m'nyumba imene aliyense amawafuna. Mayi wa pa Nchalo amene wadzuka tambala woyamba ali ndi ufulu wa ola lake. Ndiponso mabuku amenewa olemba ake ambiri ndi akazi, ndipo chimene mkazi akufuna ndicho chimayendetsa nkhani, zomwe sizichitika m'mabuku ambiri otamandidwa. Radway yemweyo anaonanso mbali ina: kuuma mtima kwa mwamuna kumayambiriro kumadzamasuliridwa kumapeto kuti chinali chikondi chimene ankalephera kuchinena. Mayi amene akumenyedwa pakhomo safunika buku lomuuza kuti apirire mpaka mutu womaliza. Tsekulani kuseri kwa tsamba la mutu wa buku muone chaka. A m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 ndi amene kawirikawiri amakhala ndi bwana wogwira mlembi wake mokakamiza, mkazi akuti ayi, wolemba n'kumati mtima wake ukuti inde. A zaka zaposachedwa ambiri ali ndi mkazi wa ntchito yake, ndipo kuvomerezana kumaoneka. Ena mwa iwo amafotokoza za kuchipinda mosabisa, ndipo shopuyi siwapatula, moti wa Fomu 1 angabwereke popanda womufunsa.

A James Hadley Chase, okhala ndi zikuto za akazi osavala mokwanira, ali pamlingo wa maso a mwana wodzagula pensulo. M'katimo mkazi amakhala nyambo kapena mtembo. Akwezedwe pamwamba. A Sidney Sheldon ndi osiyana, chifukwa eninkhani ake ambiri ndi akazi anzeru amene amagwira okha ndalama ndi kubwezera okha adani awo, koma ulendo wawo umakonda kuyambira pa kugwiriridwa kapena kuperekedwa ndi wokondedwa. Munthu amene zoterezi zinamuchitikira muyambe mwamuchenjeza musanamubwereke.

Tsopano gwadani, kokani katoni ya mabuku a sukulu. Pakati pa madikishonale ndi mabuku a sayansi ndi pamene pamagona chuma cha shopuyi. Nervous Conditions la Tsitsi Dangarembga wa ku Zimbabwe, la 1988, likunena za Tambu, amene akulima kamunda kake ka chimanga kuti agulitse chachiwisi apeze fizi, mchimwene wake n'kumamubera, ndipo mwayi wa sukulu ya mishoni ukumupeza mchimweneyo atamwalira. The Joys of Motherhood la Buchi Emecheta wa ku Nigeria, la 1979, likutsata Nnu Ego, amene wapereka moyo wake wonse ku kubereka ndi kuphunzitsa ana aamuna, n'kudzafera yekha m'mbali mwa msewu. Limene tikufuna kwambiri kuti lifike kwa amayi a kuno ndi So Long a Letter la Mariama Bâ wa ku Senegal, limene linayamba kutuluka m'Chifalansa mu 1979. Ndi kalata ya Ramatoulaye, mphunzitsi, amene mwamuna wake anakwatira mitala mtsikana mnzake wa mwana wawo. Mwamunayo atamwalira, mkulu wake akubwera kudzamufuna chokolo, ndipo iye akukana pamaso pa anthu amene anamuperekeza, n'kunena chifukwa chake. Masamba ake sakwana 100. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa, kumene nkhani za mwambo wa kupita kufa (kulowa kufa) ndi kulanda chuma cha masiye zikadamveka ngakhale lamulo la chuma cha masiye la 2011 ndi la kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la 2013 akuletsa, mayi wamasiye akamva mnzake wa kutali akukana ndi ulemu wake wonse, amapeza mawu oyambira. Mmodzi wodziwa Chingerezi awerenge mutu umodzi n'kuufotokoza m'Chichewa kapena m'Chisena pagulu la banki m'khonde ndalama zikatha kuwerengedwa. Mabuku atatuwa ndi otsika mtengo kuposa a Twilight chifukwa owafunsa ndi ochepa. Gulani, musabwereke.

Nthano zazitali za Chichewa, monga za Willie Zingani ndi Jolly Max Ntaba, zimabwera mwa apo ndi apo ndipo zimatha tsiku lomwelo. Pamashelefu onse mulibe ngakhale imodzi ya Chichewa yolembedwa ndi mayi, ndipo ogula akamafunsa pafupipafupi, eni shopu adzayamba kuzifufuza.

Buku mwagulalo lisungeni m'chidebe cha malita 20 chokhala ndi chivundikiro, pamalo okwera, osati m'katoni pansi pa bedi, ndipo likhale louma musanatsekere. Likanyowa, liimikeni masamba atatambasuka pamthunzi podutsa mphepo. Dzuwa la kuno limalipinda ndi kumaliza guluu wotsalayo. Ikani nyuzipepala pakati pa masamba 20 aliwonse n'kumasintha kawiri patsiku. Mabuku a ana a masamba osalala alekanitseni akadali onyowa, chifukwa akauma atamatana salekananso. Msana ukathyoka musaike selotepi, imasungunuka n'kusiya banga. Panani bukulo pakati pa timatabwa tiwiri, boolani mabowo 5 ndi msomali waung'ono pa mtunda wa theka la sentimita kuchokera kumsana, sokani ndi ulusi wosokera nsapato, pakani guluu woyera wa akalipentala n'kumatapo kansalu. Shopuyi sikonza mabuku, imangodula chikole, ndiye buku lobwereka likathyoka pitani nalo monga liliri mukagwirizane kaye musanaliboole.

Eni shopu amalandiranso maoda. Mumalemba mutu wa buku ndi dzina la wolemba papepala, n'kusiya theka la ndalama, iwo amakafufuza ulendo wotsatira, ndipo akalephera amabweza. Zimayenda bwino kagulu kakapempha mabuku atatu kapena anayi nthawi imodzi. Kuyambira Januwale mpaka Malichi maulendo a ku Limbe amadumphidwa misewu ikavuta, choncho oda ya teremu yachiwiri iperekeni mu Novembala.